Galimoto Yosasankha Njira ndi Anthu a m'Malokeshoni a Harare

Pali magalimoto amene munthu amawazindikira ali patali, asanawerenge n'komwe dzina lolembedwa pamphumi pake: aatali miyendo, thupi lamakona ngati bokosi, tayala lapadera litamangiriridwa kumbuyo kapena pa boneti. Land Rover, Land Cruiser, Hilux ndi abale awo amapezeka m'mafamu a nkhosa ku Australia, m'chipululu cha Sahara, m'mapiri a ku Afghanistan ndi m'tchire la ku Luangwa. Owagulitsa amawatamanda kuti amafika paliponse ndipo sakana ntchito. Chitamandocho n'choona. Komabe mbiri ya galimoto yotere imamveka mwina ikamasimbidwa ndi amene anagwira chiwongolero, imamvekanso mwina ikamasimbidwa ndi amene anaponyedwa kumbuyo kwake manja ali mu unyolo.

Abale athu a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivaresekwa, ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete, akhala akuona magalimoto amenewa kwa zaka zoposa 70, koma ndi ochepa amene anakhalapo eni ake. Kwa iwo galimoto yosasankha njira yakhala ya boma, ya bwana, ya chipani kapena ya bungwe lachifundo. Tikalondola m'mene matayala ake anadutsa m'malokeshoni a Harare, tiona kuti kulimba kwa chitsulo kumatumikira amene wachigwira, ndiponso kuti galimotoyi imatchuka kwambiri kumene msewu wa anthu onse wasowa.

Mwana wa nkhondo, wantchito wa mlimi

Kholo la magalimoto onsewa ndi Jeep ya asilikali a ku America, imene inayamba kupangidwa mochuluka mu 1941. Makampani a Willys ndi Ford anapanga zoposa 600,000 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe mu 1945. Nzeru yake inali yosavuta kuimva. Mphamvu ya injini inkafika ku matayala onse anayi, kuti awiri akatitimira m'matope, ena awiri akoke. Mimba ya galimoto inali patali ndi nthaka kuti isakhule pa miyala ndi pa zitsa. Panalinso giya yapadera yoyenda pang'onopang'ono ngati kamba, koma yokoka ngati ng'ombe zapagoli.

Nkhondo itatha, Maurice Wilks, mkulu wa amisiri pa kampani ya Rover ku England, ankagwiritsa ntchito Jeep yotsala kunkhondo pa munda wake pa chilumba cha Anglesey. Iye ndi mbale wake Spencer Wilks, amene ankayendetsa kampaniyo, anaganiza zopanga yawoyawo. Chitsulo chinali chosowa ku Britain ndipo boma linkachigawa mochita kuyeza, choncho thupi la galimotoyo analipanga ndi aluminiyamu. Land Rover yoyamba inaonetsedwa kwa anthu mu mzinda wa Amsterdam pa 30 April 1948. Eni ake ankaiona ngati chida cha mlimi. Inkatha kukoka pulawo, ndipo inali ndi potulukira mphamvu ya injini poti azungulitsirepo macheka, chopunthira kapena mpope wa madzi.

Kusowa kwa chitsulo kunasanduka mwayi, pakuti aluminiyamu sadyedwa ndi dzimbiri monga chitsulo, ndipo thupi lomangidwa ndi mabawuti mmisiri amatha kulimasula pansi pa mtengo ali ndi masipanala owerengeka. Pa chiguduli chimodzimodzi chapansicho pankatha kukhala ambulansi, galimoto yozimitsa moto, ya positi, ya dokotala wa ziweto kapena ya asilikali. Kusinthasintha kumeneku ndiko kunaifikitsa m'maiko onse a ufumu wa Britain m'zaka zochepa. Ena ataona msika sanagone. Ku Japan kampani ya Toyota inatulutsa yake mu 1951, niipatsa dzina la Land Cruiser mu 1954. Ku Spain, mu tauni ya Linares, kampani ya Santana inayamba kupanga Land Rover mwa chilolezo mu 1958. Kuno kwathu nako zidutswa zinkabwera m'mabokosi n'kumalumikizidwa m'mafakitale, monga ku Ndola ndi ku Umtali, kumene lero timati Mutare.

Amene anafika wapansi

Pamene Land Rover inkabadwa, njira ya ku Halale, monga ankatchulira makolo athu, inali itapondedwa kale ndi mibadwo iwiri. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Dedza, Ntcheu, Fort Johnston, Nkhata Bay, Fort Jameson ndi Angonia ankanyamuka kukafuna ndalama ya msonkho, ya nsalu ndi ya njinga. Ankayenda milungu ingapo, kuwoloka Zambezi pa bwato, kugona m'tchire la mikango moto uli pambali. Lero msewu wochokera ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Zobue, Tete ndi Nyamapanda mpaka ku Harare ndi wa makilomita pafupifupi 600, ndipo basi imautha tsiku limodzi. Iwo mtunda wonsewo anauyeza ndi mapazi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, boma la Southern Rhodesia, pofuna antchito a m'mafamu a fodya ndi m'migodi, linayambitsa malole onyamula anthu osalipira, ndipo dzina lake linali la chinenero chathu: Ulere. Panalinso Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Mayina onse awiri ndi okoma m'khutu, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Galimoto yoyamba imene ambiri anakwera pa moyo wawo inali ya wofuna thukuta lawo, ndipo inkawatula kumene iyeyo wafuna.

Amene anafika m'tauni ya Salisbury ankagona ku lokeshoni ya Harari, yomwe inakhazikitsidwa mu 1907 ndipo lero ndi Mbare. Highfield inamangidwa m'zaka za m'ma 1930, Mabvuku ndi Mufakose m'zaka za m'ma 1950. Kumeneko anamanga moyo wawo. Mpingo wa CCAP wa ku Harare unachokera ku Nkhoma, pamene m'busa T.C.B. Vlok anapita ku Salisbury mu 1912 kukasamalira akhristu ochokera kumpoto. Ayao anamanga mizikiti. Achewa anakhazika madambwe a Gule Wamkulu, amene Ashona amati zvigure. Pafupifupi aliyense anali ndi bungwe la maliro. Kumudzi amene sanabwerere ankatchedwa matchona, pamene eni nthaka ankawatcha Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma dziwe latsopanoli linali ndi mpanda ndi mlonda pachipata.

Nyali ziwiri pakati pa usiku

Mu 1946 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo lokhudza malo ogona ndi kalembera wa anthu akuda m'matauni. Munthu ankayenera kukhala ndi chitupa chosonyeza kumene akugwira ntchito ndi kumene waloledwa kugona. Apolisi a khonsolo ndi a British South Africa Police ankalowa usiku m'mahositelo monga a Matapi ndi Nenyere kufunafuna opanda zitupa, amayi osalembedwa m'kaundula ndi ofulula mowa wosaloledwa. Pa ntchito yotere Land Rover inali yoyenera kwabasi. Misewu ya m'lokeshoni yambiri inali ya fumbi, yodulidwa ndi ngalande, ndipo wothawa ankalunjika m'minda ya chimanga ndi m'madambo a mtsinje wa Mukuvisi. Galimoto ya m'tauni ikanaima pamene phula lathera. Iyi inkangotsika n'kupitiriza. Kumbuyo kwake kunali mabenchi awiri oyang'anizana, amene m'famu ankakhalapo antchito, m'lokeshoni n'kukhalapo omangidwa.

Ndale zitayamba kutentha, galimotoyi inavala mawaya m'mazenera. Mu 1955 anyamata anayi, James Chikerema, George Nyandoro, Edson Sithole ndi Dunduzu Chisiza, anayambitsa bungwe la City Youth League m'lokeshoni ya Harari. Chisiza anali mwana wa kumpoto kwa Nyasaland, kalaliki pa ofesi ya kazembe wa India. Mu September 1956 bungweli linatsogolera anthu kunyanyala mabasi chifukwa cha kukwera kwa mitengo, ndipo anthu masauzande anayenda pansi kupita ku ntchito. Chaka chomwecho Chisiza anathamangitsidwa m'dzikomo kubwerera kwawo.

Pa 26 February 1959 boma la Edgar Whitehead linalengeza lamulo la nthawi yachipwirikiti ku Southern Rhodesia. M'bandakucha anthu pafupifupi 500 anatengedwa m'nyumba zawo, ndipo pakati pawo panali atsogoleri a nthambi za Nyasaland African Congress za m'dzikomo. Patangopita masiku asanu, pa 3 March, bwanamkubwa Robert Armitage anachita chimodzimodzi ku Nyasaland. Dr Hastings Kamuzu Banda anatulutsidwa m'nyumba yake ku Limbe ali m'zovala zogonera, nakwezedwa mu Land Rover ulendo wa ku bwalo la ndege la Chileka. Anakakhala m'ndende ya ku Gwelo miyezi 13, pamodzi ndi Henry Masauko Chipembere ndi Chisiza yemwe uja, pamene ena ambiri a ku Nyasaland anatsekeredwa ku Khami pafupi ndi Bulawayo. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali ndi malire atatu pa mapu, koma kulira kwa injini imene inkaima pakhomo usiku kunali kumodzi ku Limbe, ku Highfield ndi ku Matero.

Mu July 1960, atsogoleri atatu a chipani cha National Democratic Party, Michael Mawema, Leopold Takawira ndi Sketchley Samkange, atamangidwa, anthu pafupifupi 7,000 anayenda pansi kuchokera ku Highfield kulunjika ku ofesi ya nduna yaikulu. Apolisi anawatsekera njira pa Stodart Hall m'lokeshoni ya Harari, ndipo m'mawa mwake khamu litachuluka linabalalitsidwa ndi utsi wokhetsa misozi. Chithunzi cha zaka zimenezo n'chimenechi: mbali ina anthu ochuluka ali wapansi, mbali ina amuna ochepa ali pa matayala anayi.

Chitsulo chisintha khungu

Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu okha pa 11 November 1965, maiko anaika ziletso pa malonda ndi Rhodesia. Kampani ya Ford inasiya fakitale yake ya ku Willowvale, yomwe inatsegulidwa mu 1961 moyandikana ndi Highfield, ndipo mu 1967 inatengedwa ndi bungwe la boma loona za mafakitale. Magalimoto atsopano ndi zipangizo zinayamba kulowa mozemba, ndipo amisiri a m'dzikomo, akuda ndi oyera, anaphunzira kusula okha chimene kale ankaitanitsa ku England.

Mu December 1972 nkhondo inabuka mwamphamvu m'dera la Centenary kumpoto chakum'mawa, ndipo omenyera ufulu anayamba kukwirira mabomba m'misewu ya fumbi. Apa galimoto yosasankha njira inakumana ndi njira yoikana. Poyamba madalaivala ankayala matumba a mchenga ndi malamba a mumgodi pansi pa mipando, ndi kuthira madzi m'matayala kuti moto wa bomba uchepe mphamvu. Kenaka amisiri anachotsa thupi lonse la Land Rover n'kuika pa chiguduli chake bokosi lachitsulo losongoka kunsi ngati bwato, kuti mphamvu ya bomba ipatukire m'mbali. Magalimoto otere anapatsidwa mayina a nyama, monga Rhino ndi Kudu. Mmisiri Ernest Konschel anapanga ina yotchedwa Leopard ndi zipangizo za Volkswagen, ndipo inkalumikizidwa ku Willowvale komweko. Nzeru ya mimba yosongokayo inapitirira ku Casspir ya apolisi a ku South Africa, imene inazunza anthu a ku Soweto, ndipo patapita zaka zambiri inakafika m'magalimoto a asilikali a ku America ku Iraq ndi ku Afghanistan.

Chitetezo chimenechi chinali cha asilikali, apolisi ndi eni mafamu. Antchito a m'mafamu a fodya, amene ambiri anali ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, ankayenda m'misewu yomweyo pa ngolo ya thirakitala kapena m'basi, ndipo bomba silinkafunsa kuti wakwerayo ndani. Anthu wamba ambiri anafa ndi kulumala motero. Ena anathawira m'tauni, namanga zisakasa za mapulasitiki pafupi ndi Mbare Musika kudikira kuti nkhondo ithe.

Bulu wa anthu wamba

Anthu a m'lokeshoni anali nayo galimoto yawo yolimba, ngakhale inkakoka ndi matayala awiri akumbuyo okha. Imeneyi ndi Peugeot 404 ya ku France, yomwe inatuluka mu 1960 ndipo inkalumikizidwanso m'dziko momwemo. Inapambana mpikisano wovuta wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, m'matope ndi m'fumbi la ku Kenya, Uganda ndi Tanzania. Ya thupi lalitali ija ndiyo inasanduka matola a m'Harare. Poyamba inkayenda mobisala, kenaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 boma linaivomereza pa dzina la emergency taxi, poona kuti mabasi sakukwanira. Anthu ankapanikizana mpaka kumbuyo koika katundu, miyendo itapingasana, chitseko chakumbuyo chili chotsegula. Inagwira ntchitoyi kufikira 1993, pamene makombi analoledwa nayamba kuilanda malo.

Pamodzi ndi mapikiapu a Datsun ndi Mazda, galimotoyi inanyamula ufa, malata, akwati ndi maliro. Mabungwe a maliro a anthu ochokera kumpoto anali ndi funso lolemera nthawi zonse: m'bale wathuyu agone kuno kapena kwawo? Ambiri anagona ku Harare komweko, poyamba ku manda a Pioneer pafupi ndi Mbare, kenaka ku Warren Hills ndi ku Granville, kumene anthu amati Kumbudzi. Njira ya kumudzi inali yaitali, yodula ndiponso yoopsa. Mlatho wa pa Zambezi ku Tete unatha kumangidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, koma mtendere wa pamsewupo sunakhalitse. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo itakula, magalimoto ankadutsa kuchokera ku Nyamapanda kukafika ku Zobue ali pa mdipiti umodzi, asilikali a Zimbabwe ali kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo m'mbali mwa msewu munali zigoba za malole otenthedwa. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Kufikira nthawiyo, kulimba kwa galimoto sikunali kokwanira kumufikitsa munthu ku Ntcheu.

Santana

Ufulu utabwera mu 1980, mbendera inasintha, apolisi anakhala Zimbabwe Republic Police, ndipo mu 1982 mzinda wonse unatenga dzina la Harare. M'zaka zotsatira apolisi anayamba kuyendera magalimoto ochokera ku fakitale ya ku Linares ija. Dzina lake linalowa m'kamwa mwa anthu, kotero kuti m'malokeshoni galimoto ya apolisi ya mtunduwo inkangotchedwa Santana, ndipo ana akaiona ikukhota pa ngodya ankadziwa kuti pali amene akagone ku polisi. Inathamangitsa mbava ndi kunyamula ovulala pangozi, zimenezo n'zoona ndithu. Inaonekanso mu January 1998, pamene anthu a m'malokeshoni a Harare ndi ku Chitungwiza anaukira kukwera mtengo kwa ufa, boma n'kutulutsa asilikali.

Ku Malawi nkhani inayenda mofanana. Munthu amene anatengedwa mu Land Rover pa 3 March 1959 anadzakhala woimirira mu Land Rover yopanda denga, litchowa lili m'manja, amayi akuvina mbali zonse. A Malawi Young Pioneers, gulu limene linayamba mu 1963, ankayendera magalimoto a mtundu womwewo, ndipo m'midzi yambiri kuima kwake pakhomo sikunali nkhani yabwino, kufikira asilikali atawalanda zida pa Operation Bwezani mu December 1993. Chiwongolero chinasintha manja, koma wokhala pa benchi lakumbuyo anakhalabe munthu wamba.

Kwa ana a matchona chilonda chachikulu chinadza pambuyo pake. Lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa kuti ambiri obadwira ku Zimbabwe, amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, awerengedwe ngati alendo ndi kutaya mwayi wovota. Mu May 2005 kunabwera Operation Murambatsvina. Magalimoto a apolisi anatsogolera akatapila m'Mbare, Hatcliffe, Epworth ndi malo ena, kugwetsa tinyumba takuseri ndi misika. Lipoti la nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, pogwirira ntchito kapena zonse ziwiri. Anthu anauzidwa kuti abwerere kumudzi. Mshona anali nako kolozera, ngakhale kunali kowawa. Mdzukulu wa munthu amene anachoka ku Dedza pa lole ya Ulere analibe mudzi wina woposa Mbare. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC.

Yoyera ya chifundo, yoyera ya mantha

Pofika nthawiyi Land Rover inali italandidwa ufumu. M'zaka za m'ma 1970 kampani ya British Leyland, imene inameza Rover, inavutika ndi kunyanyala ntchito ndi kuchepa kwa ndalama, pamene Toyota inkabweretsa magalimoto osawonongeka kawirikawiri ndi zipangizo zosasowa. Hilux inatuluka mu 1968. Land Cruiser ya mtundu wa 70 inatuluka mu 1984 ndipo ikupangidwabe. Injini yake ya dizilo ya malita 4.2, yotchedwa 1HZ, imapirira mafuta osayera bwino ndipo makaniko amaimva ndi khutu. Ku Chad mu 1987 asilikali okwera mapikiapu a Toyota anagonjetsa akasinja a Libya, mpaka nkhondoyo inatchedwa ndi dzina la kampaniyo. Ku Gibraltar kuli kampani imene ntchito yake ndi kusunga ndi kukonzeratu magalimoto oyera otere kuti mabungwe a United Nations ndi ena achifundo awapeze msanga pakagwa tsoka.

Tsoka lotero linagwa m'Harare mu 2008. Mipope inauma, mapaipi a zonyansa anaphulika, anthu anayamba kumwa madzi a m'zitsime zosaya. Kolera inayamba ku Chitungwiza mu August, nifalikira ku Budiriro, Glen View ndi dziko lonse. Pofika pakati pa 2009 anthu oposa 98,000 anali atadwala ndipo oposa 4,000 atamwalira. Zipatala zazikulu za boma zinali zitatsala pang'ono kutsekeratu. M'masiku amenewo Land Cruiser yoyera ya mlongoti wautali wa wailesi, ya Médecins Sans Frontières, ya UNICEF kapena ya Red Cross, inali chizindikiro cha moyo. Inkadutsa m'zithaphwi za m'misewu itanyamula madiripi, mankhwala othira m'madzi, mabedi obowola pakati ndi anamwino, kupita ku chipatala cha Budiriro ndi cha pa Beatrice Road. Pa zenera la magalimoto ena panali chithunzi cha mfuti yodulidwa ndi mzere wofiira, kuuza aliyense kuti muno mulibe chida.

Chaka chomwecho mtundu wina wa galimoto yolimba unkayenda m'malokeshoni omwewo, wa zitseko zinayi ndi bokosi kumbuyo, umene anthu amati twin cab, nthawi zambiri wopanda nambala yooneka. Mu May 2008 Tonderai Ndira, womenyera ufulu wa anthu wa ku Mabvuku, anatengedwa kunyumba kwake m'mawa ndi amuna a mfuti, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masiku. Pa 9 March 2015 mtolankhani Itai Dzamara anatulutsidwa m'nyumba yometera tsitsi ku Glen View nakankhidwira m'galimoto yotere, ndipo mpaka lero sanaonekenso. Mwana wokulira ku Glen View m'zaka zimenezo anaphunzira kuyang'ana chitseko cha galimoto asanaganize zoithamangira kapena kuithawa.

Moyo wachiwiri ku Gazaland

Pali nthawi imodzi imene magalimotowa amafika m'manja mwa anthu a m'lokeshoni: atakalamba. Boma, migodi ndi mabungwe akatopa nawo amawagulitsa pa okushoni, ndipo amakathera kwa amakaniko a ku Gazaland ku Highfield kapena ku Siyaso ku Mbare, kumene nyundo zimalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kumeneko nzeru imene inayamba ndi ziletso za nthawi ya Smith, nikula ndi kusowa kwa ndalama zakunja m'zaka za m'ma 2000, imaoneka poyera. Injini ya mtundu wina imalowa m'thupi la mtundu wina. Masipuling'i othyoka amasulidwa kukhala nkhwangwa ndi makasu, tayala lakutha limasanduka nkhwaira ndi zingwe, aluminiyamu wa zidutswa za injini amasungunulidwa n'kuumbidwa mapoto.

Galimoto ikadzuka pamenepo imagwira ntchito zimene Maurice Wilks akanazizindikira. Ina imakoka magalimoto ofera pamsewu. Ina imanyamula thanki ya madzi a pa mjigo kukagulitsa kumene mipope inauma kalekale. Ina imatenga tomato ndi masamba ku Mutoko ndi ku Domboshava kudzatula pa Mbare Musika kusanache, ndipo Loweruka imanyamula bokosi ndi anamfedwa kupita Kumbudzi. Apa mpamene mawu aja akuti sikana ntchito amakwanira m'moyo wa anthu wamba. Koma khomo limeneli likutsekeka pang'onopang'ono. Land Rover Defender yakale yomaliza inatuluka m'fakitale ya Solihull pa 29 January 2016, zitapangidwa zoposa 2 miliyoni kuyambira 1948. Yatsopano imene inalowa m'malo mwake imapangidwa ku Slovakia, ndi ya mtengo wa nyumba, ndipo ikadwala imafuna kompyuta. Mmisiri wa pansi pa mtengo imamusiya manja ali m'khosi.

Msewu ndi wokwera pamwamba

Misewu yambiri ya m'malokeshoni a Harare inathiridwa phula ufulu usanabwere, ndipo zaka zake zinatha kale. Ndalama za malayisensi a magalimoto, zimene kale inkatolera khonsolo, tsopano limatolera bungwe la ZINARA, ndipo khonsolo ndi boma akhala akulozana zala pa za amene walephera. Mu 2017 boma linalengeza kuti misewu ya Harare ili pa mlingo wa ngozi yogwa mwadzidzidzi, ndipo mu 2021 linalengeza chimodzimodzi za misewu ya dziko lonse. Nyengo ya dzinja maenje a ku Budiriro, Kuwadzana ndi Mabvuku amadzaza madzi, makombi n'kumasiya njira zina, ndipo timagalimoto ta Honda Fit timene timachita matola timathyoka miyendo mwezi ndi mwezi.

M'misewu yomweyo mumadutsa magalimoto aatali a magalasi akuda. Aphungu a nyumba ya malamulo amalandira awo nthawi iliyonse akasankhidwa, ndipo mu 2018 mafumu analandira ma twin cab a Isuzu kuchokera ku boma. Chifukwa chimene chimaperekedwa n'chakuti madera awo ali ndi misewu yoipa. Wowerenga wa ku Area 25 ku Lilongwe, wa ku Kanyama ku Lusaka kapena wa ku Matundo ku Tete sakufunika womumasulira nkhaniyi. Galimoto inapangidwa kuti ifike kumene msewu sunafike, koma tsopano ikuthandiza oyenera kukonza msewu kuti asamve kuwawa kwa dzenje. Msana umene sugwedezeka suchita changu.

Sitingaikane galimotoyi. Namondwe wa Idai atakokolola milatho ku Chimanimani ndi kumiza midzi ku Beira, Nsanje ndi Chikwawa mu March 2019, magalimoto okoka ndi matayala onse ndiwo anayamba kufika pamene madzi anaphwera, ndipo mayi wapakati wa kumapiri a Dedza kapena ku Chadiza amadalirabe ambulansi ya Land Cruiser. Kumeneko ndiko kwawo kwa galimoto yotere. Koma Mbare ili pa mtunda woyenda wapansi kuchokera pakati pa mzinda. Adzukulu a amene anawoloka Zambezi pa bwato, amene makolo awo anathira nawo phula la misewu ya Salisbury ndi kusesa m'mbali mwake, sakupempha galimoto yokwera phiri. Chimene akhala akudikira ndi msewu wokhala ndi ngalande zake, woti kombi, ambulansi wamba ndi ngolo yokankha ya wogulitsa makala zidutsepo mu January monga zimadutsira mu August.